Mapasa a m'Minibasi ya ku Golomoti

Ndinakwera minibasi pa Mtakataka Loweruka m'mawa, ndikupita ku Golomoti kukaona apongozi amene ankadwala mwendo. Kondakitala, bambo wa chipewa chofiira, anandilipiritsa faivi handiredi n'kundikhazika pakati pa chidebe cha usipa wauwisi ndi mayi wonyamula atambala awiri. Madzi a usipa anayamba kulowa m'nsapato yanga.

"Mwatipakira ngati matumba a makala," ndinadandaula. "Tilimo angati muno?"

"Twente faivi, kuphatikiza ine ndi adalaivala," anayankha monyadira.

Ine ndimaphunzitsa masamu, ndiye pakamwa panayabwa. Ndinawauza kuti anthu akakwana 23, nthawi zambiri pamapezeka awiri obadwa tsiku limodzi pachaka, chifukwa aliyense amafananizidwa ndi aliyense.

"Masiku onse aja a m'chaka? Bodza, aphunzitsi!" anatero kondakitala. "Akapezeka, mukhala kutsogolo. Akapanda kupezeka, chidebecho muchinyamula pamiyendo."

Ndinavomera. Ndinali nditavala thalauza la kutchalitchi.

Anthu anayamba kutchula masiku awo. Agogo ena anati anabadwa mango akupsa, tisawavutitse. Mayi wa atambala anati zaka zake si za m'minibasi, mpaka titawalonjeza kuti chaka sitifunsa. Tinazungulira mipando yonse, osapezeka ofanana. Mwini usipa anayamba kukankhira chidebe kwa ine.

"Inuyo simunatchule," ndinauza kondakitala.

"Pa 9 Ogasiti."

Ndinaimirira mpaka kugunda mutu kudenga. Limenelo ndi tsiku langa, ndipo ndinali nditaiwala kudziwerengera! Minibasi yonse inaphulika ndi phwete. Kondakitala anandikumbatira, nanditcha mapasa ake.

Pa mphambano ya ku Mua anatsitsa mnyamata wina kutsogolo n'kundikhazika ine. Anandigulira chinangwa chophika. Ndinatambasula miyendo ngati bwana.

Koma pofuna kunyamuka, injini inangotsokomola n'kukhala chete. Kondakitala anatsegula chitseko changa mwaulemu.

"Achimwene, mlendo sindingamutume. Koma m'bale wanga angakhale phee ine ndikukankha ndekha?"

Ndinakankha, anthu akutiimbira m'manja pawindo.

Tinafika pa Golomoti dzuwa lili paliwombo, malaya atanyowa ndi thukuta. Apongozi atandifunsa za ulendo, ndinawauza kuti masamu sananame ayi. Kungoti sananene kuti chibale chimabwera ndi ntchito yake.