Tinamuika penti asanaume

Ndinadzuka tambala asanalire, ndipo chimene chinandidzutsa sichinali chisoni ayi, koma fungo. Ndinagona pakhonde la siwa ku Chileka, pakati pa azibambo ofunda majekete, mutu nditatsamiritsa panjerwa. Azimayi m'nyumba anali atatopa nazo nyimbo, kutangotsala mawu a anthu awiri okokera pansipansi. Moto wa pabwalo unali utasanduka makala. Koma fungo la penti linali ponseponse, lamphamvu moti udzudzu wonse wa m'mudzimo unasamukira kutsidya kwa mtsinje, ndipo anthu a kumeneko akudandaulabe mpaka lero. Wokayika apite akafunse.

Malemuyo anali msuweni wanga, mwana mmodzi yekhayo wa azakhali anga, mlongo wawo wa bambo. Tinakulira limodzi ku Lirangwe, koma iye anakakwatira ku Chileka, ndipo zaka zija za Chitaganya ankapalasa njinga m'mawa uliwonse kupita m'tauni kukalemba zikwangwani: za masitolo, za ometa tsitsi, za nyumba zomwera tiyi, ngakhale m'mbali mwa mabasi. Dzanja anali nalo. Anajambula chambo pakhoma la sitolo ina ku Limbe, amphaka anagona pamenepo mpaka mwini sitolo anakapempha kuti nsombayo ayiondetse pang'ono. Pabala ina anajambula chitseko pamene panalibe chitseko, ndipo ndikudziwa anthu atatu amene mphuno zawo sizinawongokenso. Mikango yokha ndiyo inkamukanika. Yonse inkatuluka ngati mbuzi zokwiya.

Loweruka lililonse masana pansi pa mango a pakhomo pake pankadzaza anzake a ntchito zamanja. Olemba zikwangwani anzake, atelala a m'makonde a amwenye, osema ziboliboli zogulitsa kwa azungu otsika ndege, wojambula zithunzi wina wamtali, ndi woimba banjo mmodzi amene palibe ankamuitana koma sankajomba. Aliyense ankabwera ndi chimene wapanga sabata imeneyo, n'kuchiika pamphasa, anzake n'kuchinyoza mpaka dzuwa kulowa. Atatha kunyozana ankabwerekana mabulashi, ulusi ndi sompho, n'kumauzana kumene kwamveka ntchito. Anthu a m'mudzimo ankangowatchula kuti a Loweruka.

Chifuwa chitamugwira kwenikweni, msuweni wangayo anaitana mkazi wake n'kumupempha chinthu chimodzi. Anati wakongoletsa makoma a anthu moyo wake wonse, ndiye iye asadzamutsekere m'bokosi lokutidwa ndi nsalu yakuda ngati sutikesi ya wapolisi. Mlamu wangayo analonjeza. Ndi mayi wofatsa, woti mawu ake umachita kuwatchera khutu, koma analonjeza munthu akufa, ndipo nkhani yonse ya tsiku limenelo inagona pamenepa.

Ndinatsata fungo lija kuseri kwa nyumba. A Loweruka anali atagwira ntchito usiku wonse ndi nyali za palafini, maso ali psu. Bokosi linali pamiyala. M'mbali mwake munali thambo labuluu, pansi pake phiri la Michiru ndi msewu wofiira, pamsewupo kanjinga kopanda wokwera. Pachivundikiro aliyense anaika chake: tipoti, sizasi, chipeso, chambo. Wosema anasema zogwirira zinayi zonga manja. Atelala anayala m'kati zidutswa za nsalu zolumikizalumikiza. Kumiyendo wina anajambula mkango, ndipo mwaulemu anaujambula ngati mbuzi.

Ndinakhudza pakona ndi chala. Chala chinabwerera chabuluu.

“Pofika ku Lirangwe pentiyu akhala atauma,” anatero wamkulu wa opentawo, osandiyang'ana.

Tonse tinayang'ana kumwamba. Linali dzinja, chimanga chili m'mawondo, ndipo dzuwa tinali titaliiwala maonekedwe ake. Anthu amene ankadya za penti, amene ankakalipira aliyense wotsamira khoma laliwisi, anali atapaka penti wamafuta usiku wa chinyezi, maliro ali a mawa lake. Chisoni chimatha kumuchotsa munthu nzeru za ntchito yake yomwe.

Kutacha, amayi anasonkha moto pamafuwa kuseri kwa nkhokwe, nkhuni zonyowa zikufuka utsi woti ndege ya m'mawa inazungulira kawiri kufunafuna bwalo. Anthu anayamba kufika: a mpingo ndi mabuku awo a nyimbo, eni masitolo ochokera m'tauni, Asilamu a ku Mdeka amene ankawalembera mayina pamashopu, ndi mayi wina wogulitsa tiyi amene analira kuposa abale. Tinamuika msuweni wanga m'bokosi mosamala, tikugwira zogwirira zokha, n'kukweza mulole yobwereka. Atelala anaimirira mozungulira atatambasula nsalu pamwamba ngati denga, kuti matope asathovukirepo.

Masiku amenewo boma linkaopa anthu akachulukana malo amodzi. Panjira wapolisi anaimitsa lole, ataona mitundu ikuwala pakati pa miyendo yathu, n'kuganiza kuti tanyamula chikwangwani cha ndale. Anakwera, anayang'ana phiri, anayang'ana tipoti, anayang'anitsitsa mkango. Kenako anavula chipewa n'kutsika.

Tinafika ku Lirangwe dzuwa lili pamutu, kapena pamene likanakhala likanakhalapo. Masamba anali atayalidwa pamsewu. Azimayi a m'mudzi anatichingamira ndi kulira, kulira kwenikweni kwa kwathu kogwetsa mbalame mumtengo. Titatsitsa bokosi, atelala n'kuchotsa nsalu ija, kulirako kunaduka ngati wina watseka chitseko. Ndinamva nkhuku ikuyenda.

Bambo anga ndiwo anali atsibweni a malemu, eni mbumba, ndipo maliro anali m'manja mwawo. Si munthu wankhanza. Anali atavala jekete yawo yokhayo, ya kutchalitchi, ndipo anali atagula kale nsalu yakuda ndi timisomali take monga mwa nthawi zonse. Anazungulira bokosilo pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Mwana ameneyu anamulera okha, ndipo chimene ankaopa n'chakuti midzi yonse idzati banja lathu linasandutsa maliro a mwana wa mlongo wawo kukhala masewera.

“Phimbani,” anatero.

Ndinayesa kuthandiza m'njira yanga. Ndinati, “Bambo, nsaluyo ikakamira, sidzachokanso.”

“Ikufunika kuchokeranji? Akaivala ndani kumeneko?”

Adzukulu, okumba manda aja, anali atabwera kudzanena kuti dzenje latha, matope ali mpaka m'makutu. Mmodzi anafunsa ngati tiyi wa m'tipotimo ndi wa iwo. Palibe anaseka. A Loweruka anaima pamodzi chapatali, zipewa m'manja, chifukwa m'mudzi wa eni mlendo salankhula pamaliro. Kumpoto mitambo inali itada.

Pamenepo mlamu wanga anatuluka pakati pa amayi, anayenda chogwada mpaka pamapazi a bambo. Sanakweze mawu. Anati iye ndi mkamwana chabe, alibe mphamvu pamudzi pano, koma analonjeza, ndipo ngati bokosi liphimbidwa sakudziwa kuti adzagona bwanji m'nyumba ija. Bambo anayang'ana kumbali. Anati mawu a wodwala ndi a wodwala, mwambo ndi wa amoyo. Anapereka nsalu kwa anyamata awiri, iwo n'kuitambasula.

Azakhali anali m'nyumba nthawi yonseyi. Maso awo anachita ng'ala kalekale, mwana wawo asanagwire bulashi, ndipo m'tauni anali asanapondemo. Anamva kuti kulira kwaleka, ndiye anatuluka atagwira mkono wa mayi wina, akufunsa chimene chachitika. Mayiyo anawafikitsa pabokosi, iwo n'kugwada, n'kuyamba kupapasa kuyambira kumutu monga amachitira ndi nkhope ya mlendo. Dzanja lawo linadutsa pathambo, linatsika paphiri, linakoka mlomo wa tipoti mpaka kukaulowetsa m'nsomba. Wamkulu wa openta anatsegula pakamwa, telala wina n'kumuponda phazi.

“N'chiyani chandimatachi?”

“Ndi penti, amayi,” anatero mlamu wanga. “Anzake amujambulira ntchito imene ankagwira.”

Azakhali ananunkhiza chikhato chawo nthawi yaitali.

“Ndiye ndi zimenezi ankanunkha akabwera kudzandiona? Ine zaka zonsezi ndinkati ndi mowa wa m'tauni. Ndinkamupempherera kuti asiye.”

Wina kumbuyo anaseka, kusekako n'kusanduka kulira, ndipo kulira kunayambiranso bwalo lonse. Azakhali anafunsa chimene chajambulidwa, mlamu wanga n'kumawauza chimodzichimodzi, atagwira dzanja lawo kulilondolera. Atafika kumiyendo anazengereza pang'ono, kenako anati ndi mkango. Mulungu amukhululukire.

“Achimwene,” anatero azakhali, nkhope atalozetsa kumene kunalibe bambo, “nsaluyo sungani, mudzandiphimbe nayo ine. Uyu apite chomwechi. Ine sindinaonepo chimene ankachita. Asiyeni a maso aone.”

Bambo analanda nsalu ija kwa anyamata, anaipinda bwinobwino makona anayi, n'kundipatsa ine ngati ndine ndinayambitsa. Mapemphero atatha, iwo ndiwo anali oyamba kuika phewa pansi pa bokosi, ndi jekete yawo ya kutchalitchi yomweyo.

Kwathu bokosi silinyamulidwa ndi anthu omwewo mpaka kumanda. Mwamuna aliyense amalowapo, kuyenda pang'ono, wina n'kumulandira. Ndiye taganizani. Njira inadutsa m'minda ya chimanga, yoterera, mvula itayamba kuwaza, ndipo aliyense wochoka pabokosi ankachoka ndi gawo lake. Wina thambo paphewa, wina msewu wofiira pakhutu, mkulu wa mpingo chidutswa cha Michiru patsaya. Poyamba anthu ankazemba. Titapitirira mtengo wa mlambe ndinaona akukankhana kuti alowepo, ngakhale aja ankang'ung'udza pabwalo. Woimba banjo sanaimbe, anangoinyamula pamsana ngati mwana. Pofika kumanda mudzi wonse unali wamawangamawanga ngati nkhanga, ndipo ndikulumbira kuti panali galu wina wachikasu amene m'mawa anali woyera.

Bokosi linafika zithunzi zitafufutika, mitundu italowana. Kanjinga kokha ndiko kanatsala bwinobwino, sindikudziwa chifukwa chake. Adzukulu analitsitsa ndi zingwe mwaulemu, osaponyanso nthabwala. Mlamu wanga anaponya dothi lake, anaima mowongoka, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire mwamuna wake ndinamuona akupuma mpweya wonse. Mvula yeniyeni inadikira mpaka fosholo yomaliza.

Pobwera tinasamba m'manja panjira monga mwa mwambo, koma madzi ndi penti wamafuta sadziwana. Openta anatulutsa botolo la palafini ndi kansanza, n'kumayenda nalo pabwalo kupukuta anthu mmodzimmodzi, akupepesa. Anthu anadya, anatsanzika. A Loweruka anakwera lole yawo chamadzulo. Ndinamva akufunsana chapansipansi kuti Loweruka likubwerali akakumana kuti.

Kutada, nyumba inakhala zii. Mphasa zinali zitakulungidwa pakona, pabwalo patangotsala mafuwa akuda ndi madzi odontha kudenga. Bambo anapachika jekete pamsomali, phewa labuluu likuyang'ana kuchipinda, n'kukhala pansi pake. Azakhali anali atakana palafini. Anadya ndi dzanja lamanzere ngati mwana wosaphunzitsidwa, lamanja atalitambasula pabondo kuti lisakhudze kanthu. Mlamu wanga anakhala pambali pawo, pafupi ndi koloboyi.

Azakhali anatukula chala chachikulu. “Ichi ndi mtundu wanji?”

“Wabuluu, amayi. Wa kumwamba.”

“Ichi?”

“Wofiira. Ndi msewu uja.”

“Nanga ichi?”

Mlamu wanga anasendeza koloboyi, anayang'anitsitsa. Pachala chimenecho mitundu yonse inali itasakanikirana.

“Umenewo sindikuudziwa dzina lake, amayi. Akanatiuza ndi eni ake.”

Azakhali anagwedeza mutu, anapinda zala zija pang'onopang'ono, n'kulowetsa dzanjalo m'kati mwa nsalu yawo, pachifuwa.