Pemphero la Chilomwe la Agogo

Ndikukumbukira kuti kwathu, m'nyumba za kampani ya tiyi kufupi ndi Limbuli, munthu sankamwa phala asanagwade. Lamuloli linali la agogo aamuna, bambo awo a amayi, omwe anawoloka kuchokera ku Mozambique ali mnyamata, atanyamula khasu ndi pemphero limodzi la Chilomwe. Khasulo linatha kalekale. Pempherolo ndiye silinkatha msanga.

M'mawa uliwonse, mphepo ya chiperoni ikulowera pansi pa chitseko, tinkagwada pa simenti yozizira, agogo n'kuyamba. Ife ana Chilomwe sitinkachimva, kupatula "Muluku", lomwe ndi dzina la Mulungu, ndi "Ameni", amene tinkamudikira ngati basi. Amayi ankamvako pang'ono, koma maganizo awo ankakhala pa dengu la tiyi, poti kapitawo sankadziwa zoti kwathu timapemphera nthawi yaitali.

Mchemwali wanga Esnati anali ndi luso limodzi lokha, loyeserera anthu. Tikapita kotunga madzi ankagwada pampope n'kulakatula pemphero lonse ndi mawu a agogo, mpaka kunjenjemeretsa chibwano. Tinkaseka mpaka kutaya madzi. Tsiku lina amayi anamupezerera, ndipo mtengo wa pichesi wa kuseri kwa nyumba unachepa nthambi.

Ndili Sitandade 4, agogo anagwa pochokera kutchalitchi. Anabwerako kuchipatala mbali imodzi itafa, pakamwa patapotoka, mawu osatuluka. M'mawa mwake tinagwada monga mwa masiku onse, iwo ali gone pamphasa. Abambo anapemphera m'Chichewa, pemphero labwino ndithu, lalifupi. Ife tinakondwa. Koma agogo anatembenukira kukhoma, phala n'kulikana. Mawa lake chimodzimodzi. Amayi anayesa la Chilomwe lija, anangofika pakati n'kusokonezeka, n'kuyamba kulira. Apa ndinachita mantha, chifukwa nkhalamba inkatha tikuona.

M'mawa wina titagwada, amayi anamuyang'ana Esnati nthawi yaitali.

"Iwe, zija unkachita kumpope zija. Chita."

Esnati anafunsa kaye ngati sakwapulidwa. Atamutsimikizira, anatsinzina n'kuyamba. Sanasiye kanthu: mawu okhuthala aja, chibwano chonjenjemera, ngakhale kukhosomola kumene agogo ankakhosomola pakati pa pemphero. Palibe anaseka. Agogo anatembenuka pang'onopang'ono, milomo ikutsatira, ndipo pa "Ameni" panatuluka kamawu. Phala anamwa, ngakhale analoza ndi dzanja lamoyolo kuti shuga wachepa.

Anakhala nafe mpaka dzinja la chaka chotsatira, Esnati akupemphera tsiku ndi tsiku.

Masiku ano ana anga ku Blantyre amapemphera m'Chingerezi, mothamanga, diso limodzi lili pa foni. Patchuthi ndimapita nawo kwa azakhali awo Esnati. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anafunsa funso limene ife tonse sitinafunsepo, loti kodi pempherolo limati chiyani. Tinapita kwa mkulu wa mpingo wina wokalamba, wodziwa Chilomwe, ku Thuchila. Anamumvetsera Esnati mpaka kumapeto, n'kutiuza kuti ndi pemphero la mnyamata wosakwatira, ali yekha m'dziko la eni, akupempha Mulungu kuti ana a ana ake ndi ana awo omwe, amene sanawaone, adzamudziwe Iye.

Mwana wanga anafunsa kuti ana amenewo ndi ati. Ine misozi inalengeza m'maso.

"Ndiwe amene," anatero Esnati. "Mawa uyamba kuphunzira."