Batire la Fanizo

Pofika 7 koloko m'mawa, Fanizo amakhala atameta kale mitu itatu pansi pa mtengo wa nimu ku Chapananga, makina ake akulira ndi moto wa batire. Ana amamukonda chifukwa dzanja lake ndi lofewa, ndipo kufewako kuli ndi mbiri yake.

Ali Sitandade 3, amalume ake a Andrea anamumeta ndi sizasi yobuntha yodulira makutu a mbuzi. Mutu unatuluka zigambazigamba ngati munda wa mapira wolowa ng'ombe. M'kalasi chipewa chinali choletsedwa, choncho Fanizo ankadzipaka makala m'malo oyerawo, koma dzuwa likaswa mtengo, thukuta lakuda linkatsikira m'makutu. Amene ankayambitsa kuseka Fanizo akamabwera kuchokera kusukulu anali amalume omwewo.

Chaka chatha a Andrea anatulukira pa nimu paja m'mawa wa tsiku la chinkhoswe chawo ndi mkazi watsopano.

"Mphwanga, tandikonza ndioneke kamnyamata."

"Khalani apa amalume, mwafika."

Fanizo anameta mbali imodzi mpaka mbee, kenako makina anangoti zii.

"Batire latha amalume. Mubwere mkuja."

"Iwe! Anthu akundidikira!"

"Makala alipo kuseriku, amathandiza ndithu. Ine ndi mboni."

A Andrea anakhala chinkhoswe chonse atavala chipewa chaubweya, m'kutentha kwa Okutobala.

Nditamuuza Fanizo, uku akumeta mwana wanga, kuti ndilemba nkhani yake, anandiyankha osamwetulira n'komwe: "Amake Yamiko, lembani zonse, koma chonde musaiwale kunena kuti batire lija linali lodzaza."