Mazira a Alamu Auluka

Mwaswera bwanji nonse.

Amuna anga a Jafali lero amaliza makina awo oswera anapiye, otembenuza okha mazira. Kunangotsala pule, kagudumu ka mano koyendetsa lamba. Wogulitsa m'tauni anati, "Pa mota ikani kakang'ono kuti thileyi ya mazira iziyenda pang'onopang'ono." A Jafali amvekere, "Ine sindigula zidole," n'kutenga chachikulu.

Alamu anga a Asiyatu anabweretsa mazira makumi atatu oyesera. Kungoyatsa, thileyi inathamanga ngati kabaza wopanda mabuleki potsika phiri. Mazira onse panja! Limodzi linaswekera pachisoti cha a Jafali choyera cha Lachisanu.

Dzira likuyenderera pamphumi, a Jafali akuti, "Koma mphamvu ya mota mwaiona?"

Alamu achoka osatsanzika. Abale, amuna angawa tiwapatsenso mazira, kapena ayambe ayesera mandimu?