Bedi la mpiru lomwe simunamalize kuphimbira

Bambo a Zainabu, dzuwa la Okutobala lija lafikanso kuno ku Ngala, ndipo lero chatha chaka chichokereni inu. Nditaona mpiru utafota ndi kutentha, ndakumbuka tsiku lathu lomaliza kuseri kwa nyumba. Munandipeza ndikuthirira dzuwa lili paliwombo, ndipo munandilanda ndowa uku mukuseka. "Mayi a Zainabu, mukuphikiratu ndiwo zisanathyoledwe? Muzithirira m'mamawa kapena dzuwa likapendeka, madziwo azipita pamizu." Kenako munatenga mapesi a mpunga n'kuyamba kuphimbira bedi lija kuti chinyezi chisathawe. Mutafika pakati, anzanu anakuitanani kuti boti likunyamuka. Munapukutira manja pabuluku n'kunena kuti, "Kotsalako musakhudze, ndidzamaliza ndekha mawa." Madzulo omwewo panyanja panawomba mphepo yamkuntho ya mpoto, boti lija n'kugubuduzika. Anzanu anapezeka, koma inu nyanja sinakubwezeni.

Mbali imene munaphimbira inatidyetsa mpaka mvula itagwa. Inayo inauma ine ndikuyang'ana, chifukwa ndinkaona kuti ndikaimaliza ndiye kuti ndavomera zoti simubweranso. Chaka chino bedi lonse ndaphimbira ndekha. Koma ndikamathirira kusanache bwinobwino, ndimamva mapesi akuchita tswatswa kumbuyo kwanga, ngati munthu akuwayala. Mwana wathu Zainabu amati ndi nkhuku, chonsecho nthawi imeneyo nkhuku zimakhala zikadali m'khola. Sinditembenuka, mwamuna wanga. Ndilibe manda oti ndikakulirenipo, ndiye ndimangoima pomwepo ndi ndowa yanga mpaka phokosolo litasiya. Mulungu akusungeni kumene mwagonako.