Khadi Limene Raimundo Anapala

Ku Feira, wofuna Raimundo sankafunsa njira. Ankangotsata fungo la oilo mpaka pansi pa mtengo wa masau, pomwe injini za maboti zinkagona zitatumbulidwa mimba. Raimundo anawoloka mtsinje kuchokera ku Zumbo akali mwana, pothawa nkhondo, ndipo anakula ndi tupa m'thumba. Chitsulo chikakana kulowa, iye ankachipala mpaka chivomere.

Kompyuta anamusiyira mzungu wina woona za nsomba pobwerera kwawo. Munali masewera a mpikisano wa motoka. Malaiti a jenereta ya pa boma akabwera, aphunzitsi, apolisi ndi ogula nsomba ankapanikizana pa benchi ya m'shopu mwake, kulimbirana kuyendetsa. Motokayo inkadumphadumpha ngati chule, koma ndani ankadziwa ina? Benchiyo Raimundo ankainyadira kuposa injini zonse zimene anadzutsapo.

M'chaka cha 1999 mng'ono wake Yotam anabwerako ku Lusaka. Uyu ndiye amene amayi anamusankhira sukulu, mkuluyo n'kumusiyira oilo. Anabwera ndi tayi, ntchito ya ukalaliki, ndi kompyuta imene motoka zake zinkatsetsereka ngati bwato lotsata madzi, fumbi likutuluka kumbuyo. Sabata isanathe, benchi ya Raimundo inali mbee.

"Atate a Nelly," anatero mkazi wake Antónia, "benchi ija ndiyanikepo nsomba? Ikungodya dzuwa."

Raimundo sanaseke. Anali atamva kale kuti chinsinsi chili mu khadi la zithunzi, kathabwa kobiriwira kokhala m'mimba mwa kompyuta. Kufunsa Yotam kuti loyenera ndi liti? Bola kumira. Anagulitsa injini yake ya boti, n'kuitana dalaivala wa lole ya nsomba.

"Ukandigulire khadi ku Lusaka."

"La mtundu wanji, mdala?"

"Loposa la Yotam. Basi."

Khadi linabweradi, lolemera, lili ndi kafani kake. Raimundo anatsegula kompyuta, n'kulikanikiza pa mpata wake. Linakana. Mano agolide a khadilo anali ndi gwelu pena, mpatawo uli ndi kamlomo pena. Akulimbana nalo thukuta kamukamu, Yotam analowa, tayi ili paphewa chifukwa cha kutentha.

"Akulu, mukumenyana ndi ndani?" Anayang'ana khadilo, maso n'kuwala. "Iyee! Ili ndi la makina atsopano, silingalowe mwanu. Koma mwanga lilowa. Tisinthane. Langa lakale limene ndinasunga likwana mwanu bwinobwino, motoka zanu zileke uchule."

Raimundo anaona maso aja. Anali maso omwe aja a tsiku limene Yotam anavala yunifomu koyamba. Ndiye kuti injini yake yapita kuti chabwino chikakhalenso kwa Yotam, iye atole makombo?

"Sukulu inakuphunzitsa kusinthana," anatero. "Ine moyo unandiphunzitsa kulowetsa."

"Akulu, si pisitoni iyo!"

"Tuluka, ukunditchinga kuwala."

Anamanga khadi pa vaisi yopanira zitsulo, n'kutulutsa tupa. Anapala mosamala, mwaluso, mpaka gwelu latsopano linatseguka pakati pa mano agolide. Khadi linalowa, tswii. Raimundo anatuma mawu kuti anthu abwere adzaone.

Anabwera, benchi inadzaza monga kale. Malaiti atayaka, iye anapukuta manja, n'kudina batani. Kafani kanazungulira kamodzi. Kenaka kunamveka thu! Kautsi kanakwera, konunkha ngati tsitsi lopserera, ndipo galasi la kompyuta linangoti bii. Anachotsa khadi, n'kubwezera zonse mmene zinalili. Ngakhale chule uja sanadzukenso.

"Mdala, yaphika bwino," anatero wapolisi wina. "Ndiwo zili kuti?"

Anthu anatuluka mmodzimmodzi, onse kulowera njira imodzi, ya kwa Yotam. Yotam anatsala pakhomo, khadi lake lakale lili m'manja. Anali atabwera nalo ndithu. Analiika pa tebulo mwakachetechete, n'kumapita.

Raimundo anapitiriza kudzutsa injini, ndipo asodzi a ku Kavalamanja sanaleke kumudalira. Benchi Antónia anayanikapo nsomba. Kwa Yotam Raimundo sanalowemo, ngakhale njira yake yopita kudooko inayamba kudzera kuseri kwa windo la nyumbayo. Pamenepo ankachepetsa liwiro, khutu lili tcheru, anthu akukuwa mkatimo, motoka zikulira.

"Injini imeneyo ikudwala," ankatero kwa aliyense wodutsa. "Ndikuimva ine."