Uvuni wa Alamu Ake a Eleuterio

Eleuterio Siesquén anabadwira m'munsi mwa mapiramidi a m'chipululu cha ku Lambayeque, ndipo mpaka imvi kumera sanaonepo chodabwitsa pa milu ya dothi imeneyo. Anayesa kulima mpunga, madzi a m'ngalande nkumathera kwa anzake akumtunda. Anayesa usodzi, nyanja nkumusanzitsa mpaka anabwerako ataonda ngati chingwe. Potsiriza anagula njinga yamoto ya matayala atatu, nayamba kunyamula alendo kuchokera pokwerera basi kupita ku mapiramidi.

Mbiri ya makolo ankaidziwa mwapatalipatali, koma pakamwa anali wothwa. Mlendo akaoneka wokonda nkhondo, mafumu akalewo ankadulana makosi. Akaoneka wachifundo, mafumu omwewo ankangoomba nsalu ndi kupembedza mwezi.

Lachiwiri lina m'mawa ananyamula mayi wa ku Holland, dzina lake Annelies, wovala chipewa chachikulu ngati lichero. Atafika, mayiyo anayang'ana milu ija, imene mvula ya zaka mazanamazana inaikumba mizere, nafunsa m'Chisipanishi chothyokathyoka:

"Ndi amenewa?"

"Ndi omwewa, mayi. Zaka chikwi."

"Izi ndi zulu za chiswe! Ulendo wonsewu kudzaona dothi lokokoloka? Ndibwezereni kubasi."

Eleuterio anachita thukuta. Mkazi wake Hermelinda, amene ankagulitsa chakudya m'mbali mwa msewu, anali atapha mbuzi m'mawa umenewo, ndipo mlendo wobwerera asanadye unali mlandu wa sabata yathunthu. Eleuterio anatsitsa mawu.

"Alipo kachisi wina wobisika. Sitionetsa aliyense."

Anamutengera kuseri kwa mitengo yaminga, kumene mchimwene wa Hermelinda, a Baltazar, anasiya uvuni wa njerwa zaka zitatu zapitazo. Njerwazo zinapsa mopindika, ogula nkuzikana, uvuniwo nkungoima wa ngodya zinayi, masitepe ake bwinobwino, wakuda bii. Annelies anavula nsapato, nagwira khoma, misozi mbwee.

"Nanga mwaye uwu?"

"Nsembe, mayi. Ankaotchapo anthu osamvera."

Nthawi yomweyo a Baltazar anatulukira pa bulu. "Alamu, mzunguyu akufuna njerwa? Muuzeni atenge zonse, ndimuthandiza kukweza."

"Tsekani pakamwa, alamu, vulani chipewa," ananong'ona Eleuterio. Kenaka mokweza: "Mayi, awa ndi chidzukulu cha wansembe womaliza."

Annelies anapsompsona dzanja la a Baltazar, lomwe linali litangochoka kumchira wa bulu. Masana anadya mbale ziwiri za mbuzi ndi nyemba, namwa chicha, mowa wa chimanga, madzulo nkukwera basi akuimba.

Pasanathe mwezi, zithunzi zimene Annelies anajambula zinali zitafalikira pa intaneti. Alendo ankatsika basi akuloza pafoni: "Tikufuna kachisi wakudayu." A Baltazar anamanga mpanda, nagula nthenga za nkhukundembo zovala kumutu, nasiya kuyankha moni wa anthu wamba.

Katswiri wa zinthu zakale, mayi Zoila Llontop, anabwera, nasolola njerwa imodzi, napezapo chidindo cha nkhwaira za tayala la galimoto. Anapita nayo kwa ameya.

"Bwana, uwu ndi uvuni. Mwana aliyense m'tauni muno akudziwa."

Ameya anaitembenuza njerwayo mwaulemu. "Mayi, mapiramidi anu enieniwo anabweretsapo mabasi angati chaka chatha? Bwezerani katundu wa makolo pomwe mwamuchotsa."

Pa tsiku lotsegulira chikwangwani cha kachisi wakudayo panali gulu loimba malipenga. Ameya anathokoza a Baltazar posunga chuma cha fuko mosatopa. Eleuterio anaombera m'manja ali kunja kwa mpanda, chifukwa lamulo latsopano linati wofotokozera alendo azikhala ndi satifiketi.

Anakalemba mayeso a satifiketiyo. Mafunso onse anali ochokera m'mabodza ake omwe, koma anali atanena ambirimbiri moti sanakumbuke lomwe akuluakulu anasankha. Pa funso la dzina la mfumu yomanga kachisiyo analemba maina atatu, onse olakwa. Analephera, mphwake wa ameya nkukhoza bwino koposa.

Anafika kunyumba atalusa. "Mawa ndikupita ku wailesi. Ndikaulula zonse!"

Hermelinda, amene tsopano ankapha mbuzi zitatu pa tsiku pachipata cha mchimwene wake, sanatembenuke nkomwe. "Kaululeni, bambo. Mukabwerako mudzadye mbuzi zonsezi nokha, ndi zikopa zomwe."

Ku wailesi sanapite. Akadanyamulabe alendo mpaka lero, koma salankhula njira yonse. Amawatsitsa pachipata, nkukaimika njinga pamthunzi, pafupi ndi bulu wa alamu ake. Alendo ena amamujambula ali khale choncho, nkumauzana kuti nkhope yake ndi ya munthu wosunga zinsinsi zazikulu za makolo.